Mathero a Buku Ali M'denga

Furancungo, Lamlungu, 19 de Outubro

Okondedwa Mana Madalena,

Kuno kwacha ndi mphepo yotentha, ndipo utsi wa m'minda imene anthu akusosa waphimba mapiri onse. Nyenje zayamba kulira dzuwa lisanatuluke. Chigayo cha kuseri kwa msika chikugunda ngakhale lero ndi Lamlungu, ndipo mamota akudutsa pamsewu wa ku Chidzolomondo atasenza matumba a adubu, feteleza wa m'minda. Cha kum'mawa, kumene kuli kwathu ku Tsangano, kwayima kamtambo kamodzi. Kamtamboko ndi kamene kandikhazika pansi kuti ndilembe, chifukwa zimene ndikufuna kunena ziyenera kukufikani mvula isanagwe.

Koma ndiyambe ndi moni. Muli bwanji, Mana, mlongo wanga? Msana wa abambo uli bwanji tsopano pamene mwamaliza kukumba mbatata? Nanga amayi, mwendo uja ukuwalola kupita kudimba? Chifuwa cha mng'ono wanu Nilza chinatha? Ine ndili bwino. Ndikudya, ndikugona, ndipo sindinadwale chichokereni kumeneko.

A Zeca, aja amabweretsa nyemba kumsika wa kuno, anafika Lachinayi ndi katundu yense mmene munamangira: mbatata ya kachewere, nyemba zofiira, ndi kaphukusi ka mbewu ya mpiru kochokera kwa amayi. Zikomo kwambiri. Kalatayi ndiwapatsira iwo omwewo mawa. Ndikanatha kuyimba pa foni ya abambo, koma mukudziwa kuti ikalira, nyumba yonse imabwera kudzamvera. Choncho moniyu ndi malonje a kumapeto muwawerengere onse mokweza. Zapakatizi ndi zanu nokha.

Za kuno ndi zochepa. Mjigo wathu wayamba kutulutsa madzi ofiira, ndiye timakatunga kutsidya kwa mlatho. Mbuzi ya Dona Marlene, mwini chipinda chimene ndimagonamo, inadya matimati anga onse asanu ndi awiri amene ndinabzala kuseri. Nditadandaula, iwo anati mbuziyo inafika pamalopo ine ndisanabwere. Mapurova, mayeso athu otsiriza, ayamba mwezi wamawa. Masamu akundivutabe, koma Chipwitikizi chikuyenda.

Tsopano nkhani yeniyeni.

Mukukumbukira buku lija ndinabwera nalo pa feriyasi ya Agosto, sukulu itatsekera, lachikuto chomatidwa ndi kansalu kobiriwira? Lija munkandiseka nalo kuti ndakwatira mkazi wosadziwa kuphika? Si la sukulu. Ndi la a Pulofesola Feliciano, amene amatiphunzitsa Chipwitikizi. Analigula kalekale akuphunzira zauphunzitsi, ndipo muno mu Furancungo mulibe lina. Anandibwereka chifukwa tsiku lina anandipeza ndekha kuseri kwa kalasi, anzanga akusewera mpira, ine ndikuyang'ana nyerere zikukoka chiwala. Anati munthu amene angayang'ane nyerere nthawi yonse yopuma angathenso kupirira buku lalikulu. Pasukulu yonse ino, iwo okha ndi amene amandilankhula popanda kufuna kubwereka cholembera.

Munandifunsa kawiri kuti bukulo likunena chiyani, ine ndinangoti ndi nkhani ya azungu. Ndinakuyankhani mwamwano, pepani. Lero ndikuuzani.

Linalembedwa zaka zoposa zana zapitazo, kudziko lozizira, ndipo wina anachita kulimasulira m'Chipwitikizi. Likunena za banja lina limene munda wawo unaleka kuwadyetsa. Mayi anatsala kumudzi ndi makanda. Anthu anayi anakwera sitima kupita kumzinda kukagwira ntchito mu fabirika yoluka nsalu: bambo, mwana wamwamuna wamkulu, mwana wamkazi, ndi kamnyamata kakang'ono kamene anagwirizana kuti kokha kazipita kusukulu. Onse ankagona m'chipinda chimodzi chonyowa makoma. Lipenga la fabirika likalira kusanache, ankathamanga, chifukwa wochedwa ankapeza chipata chotseka. Fumbi la thonje linkalowa m'zifuwa mwawo.

Poyamba ndinadabwa kuti azungu nawonso ankagona ndi njala. Ine ndinkayesa kuti umphawi unabadwira kwathu kuno ndipo sunawolokepo nyanja. Mulinso zinthu zikuluzikulu m'bukumo, anthu kunyanyala ntchito, asilikali a pa akavalo, makina kudula zala za mwana wamkulu uja. Koma papita miyezi iwiri tsopano, ndipo zimene zanditsalira si zimenezo. Zanditsalira zing'onozing'ono.

Bamboyo ankadetsa imvi zake ndi mwaye wa pa nyale kuti kapitawo asaone kuti wakalamba. Atamuchotsa ntchito, anapitirizabe kudzuka lipenga likalira, kunyamula kachitini kake ka chakudya kopanda kanthu, ndi kukakhala pansi pa mlatho mpaka madzulo kuti ana asadziwe. Chiwerengereni zimenezo, ndikaona bambo atakhala pakhonde la sitolo kuno, malaya ositidwa bwino, osagula kanthu, ndimadzifunsa kuti kunyumba kwake akuganiza kuti ali kuti.

Koma amene sandichoka m'mutu ndi mtsikanayo. Anasiya sukulu ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Madzulo alionse ankadula buledi, chigawo chokhuthala n'kupatsa kamnyamata kaja, iye n'kunena kuti wadya kale ku fabirika. Ku fabirikako sankapereka chakudya chilichonse. Kamnyamatako kankalandira osakweza maso, chifukwa kanali kotanganidwa ndi kuwerenga. Mana, ndinakakwiyira kamnyamata kameneko. Ndinali pansi pa mtengo wa pichesi paja, ndipo ndinkalakalaka nditalowa m'bukumo kukakawomba khofi.

Tsiku lomwelo munandibweretsera mazira awiri okazinga. Nditakufunsani za inu, munati mazira amakutulutsani ziwengo masiku ano. Ndinalandira, maso ali pabuku. Patapita kanthawi ndinapita kukamwa madzi, ndipo ndinakuonani kuseri kwa nyumba yophikira mukupukuta chiwaya ndi kachidutswa ka mbatata. Simunandione. Ndinabwerera pansi pa pichesi, koma masana onsewo sindinathe kumaliza tsamba limodzi.

Kuyambira pamenepo zinthu zakale zayamba kubwera zokha. Mbuzi yanu yamawangamawanga ija munati inagwidwa ndi fisi. Ine ndinapita kukaona pakhola m'mawa mwake. Panalibe magazi, ndipo chingwe chinali chomasula bwinobwino, osati chodula. Mwezi womwewo ndinalandira nsapato za sukulu. Ndinaona zonsezo nthawi imeneyo, pakuti maso ndili nawo, koma sindinazilumikize. Bukulo ndi limene linandilumikizira.

Sindinalimalize. Pobwerera kuno, chapa, minibasi imene ndinakwera, itangodutsa pa Ulongwe, ndinalitsegula kuti ndiwerenge mathero. Nkhani inali itafika pamene fabirika yatsekedwa, mtsikanayo akutsokomola, bambo akunena zobwerera kumudzi. Ndinatembenuza tsamba, n'kupeza chikuto. Mawu anathera pakati pa chiganizo. Mapepala khumi ndi awiri akumapeto panalibe.

Ndinaganizira Nilza. Ndinaganiziranso inu, kuti mwina mwatopa ndi mkazi wanga wosaphikayo. Masabata asanu ndinkawazemba a Pulofesola. Ndinasamukira kumbuyo kwa kalasi, ndipo ndikawaona akubwera ndinkakhotera kumjigo. Potsiriza anandiyitana okha n'kufunsa ngati bukulo landilemera. Ndinalitulutsa m'thumba, ndipo pakamwa panga panatuluka bodza. Ndinati makoswe.

Analitsegula kumapeto, n'kuyendetsa chala pamene mapepala anachoka. Kenako anati, "Makoswe a ku Tsangano ndi aulemu. Amayambira kumbuyo, ndipo amatsata mzere."

Sanakalipe. Anandibwezera bukulo n'kunena kuti ndilisunge mpaka makoswewo atakumbukira dzina lawo. Kuyambira tsiku limenelo ankandipatsa moni ngati mmene amapatsira wina aliyense. Bwenzi atandimenya, zikanapepuka.

Ndiye Lachinayi lapitali, a Zeca atandipatsa katundu, ndinamasula kaphukusi ka amayi ka mpiru. Kanali komangidwa ndi luzi, kakuda ndi utsi kunja kwake. Nditakhuthulira mbewu m'kapu, ndinaona zilembo zimene ndikuzidziwa. Linali tsamba lotsiriza lenileni la bukulo.

Pamenepo ndinakumbukira. Chaka chilichonse mbewu zikauma, amayi amapempha mapepala oti akulungire, kuti akasomeke m'denga la nyumba yophikira mmene utsi umathamangitsa anankafumbwe. Chiyambire ndili ku primariya ndakhala ndikuwayankha chimodzimodzi, kuti atenge kaderno yanga yolembamo za kusukulu ang'ambe kumbuyo, kumbuyo kulibe ntchito. Tsiku lina la feriyasi ija, ine ndi abambo tikutuluka ndi ngolo, amayi anafuula ali pakhomo kufunsa za mapepala. Ndinayankha ndili kale pamsewu, osacheuka, kuti ang'ambe kumbuyo. Makaderno anali m'chikwama. Pamphasa panali buku lokhalo.

Anachita zimene ndinawauza. Ndipo anang'amba mosamala, mwina ndi ulusi monga amachitira, kuti asandiwonongere za kutsogolo zimene ankayesa kuti ndi zokhazo zofunika. Alibe mlandu. Pa msinkhu umene ine ndinkaphunzira zilembo, iwo anali kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, malume Evaristo ali kumsana, atayima pamzere wa ufa. Chonde musawauze. Mukuwadziwa. Akamva kuti anawononga chinthu cha aphunzitsi, adzafuna kugwira nkhuku n'kuyamba ulendo wa kuno wapansi.

Lachisanu ndinapita kwa a Pulofesola ndi tsambalo. Ndikuuzeni zoona, chimene chinkandilemera panjira si bodza lija ayi, koma kunena pamaso pa munthu wophunzira kuti amayi anga sadziwa kusiyanitsa buku ndi kaderno. Ndinachita manyazi ndi amayi, kenako ndinachita manyazi ndi manyaziwo. Ndinanena zonse nditayang'ana pansi.

Anaseka mpaka anavula magalasi. Atapuma, anandiuza kuti amayi awo nawonso amasayina ndi chala, ndipo ndi amene anagulitsa ng'ombe kuti iwo afike pamene alipo. Anafunsa kuti m'mapepala enawo muli mbewu zanji. Ndinatchula maungu, therere, zipwete, tsabola ndi chitowe. Ndinalonjeza kuti ndikuuzani mumasule zonse sabata ino, mbewuzo muthire m'mabotolo. Anakana.

"Usasokoneze nkhokwe ya amayi ako chifukwa cha ine," anatero. "Bukuli ladikira zaka zana. Lingadikirenso mvula."

Chilango cha bodza ndi chakuti mapepalawo akabwera, ndidzawasoke ndekha m'malo mwake, limodzilimodzi. Nditawapempha kuti angondiuza zimene zinachitika pakati, anati kuona maso a nkhono n'kudekha, n'kundiuza ndikafufute bolodi. Dzulo anandiyimitsa pamsika n'kundifunsa ngati mpiru ndafesa.

Zikanathera pamenepo, bwenzi kalatayi ili yoseketsa. Koma Lachinayi lomwe lija, a Zeca akumwa madzi pakhomo panga, anandiuza kuti ndili ndi mwayi kukhala ndi mlongo ngati inu. Anati mwapeza ntchito ku Tete, kunyumba kwa mayi wina, yophika ndi kulera ana, ndipo munyamuka mwezi uno ukatha. Ankayesa kuti ndikudziwa. Ataona nkhope yanga anayamba kuyamikira madzi athu ofiirawo. Ndinawakakamiza, ndipo anavomera kuti ndi chifukwa cha chipinda chino, kuti chaka chamawa ndisachokemo.

Mana, chipinda chino ndi mlandu wanga. Malume Evaristo atasamukira ku Chidzolomondo kukalima fodya, n'kundisiya ndilibe pokhala, malo analipo ku lar, kumene amagona ana ochokera kutali. Ndinakana ndine. Ndinati anyamata makumi anayi m'chipinda chimodzi ndi phokoso, amaba sopo, munthu sangawerenge. Ndinafika ponena kuti kuli bwino ndingosiya sukulu. Abambo anangoyang'ana pansi. Inu ndi amene munati andisiye, mwana uyu ndi wayekha chibadwire. Ndipo ndinalowa muno, n'kutseka chitseko, n'kumawerenga mwamtendere chaka ndi theka, osafunsa ngakhale kamodzi kuti mtenderewo ukuchokera kuti.

Lachisanu, nditachoka kwa a Pulofesola, ndinapita ku lar kukalembetsa dzina. Woyang'anira wanena kuti ndikakhoza mapurova, bedi lilipo kuyambira Fevereiro. Ana a kumeneko amalima dimba la lar Loweruka, ndipo aliyense amabwera ndi chimanga chakwawo. Zimenezo tingathe. Ndinalowamo kukaona. Mumanunkha nsapato, ndipo wina anali kuyimba ng'oma pa chidebe. Mnyamata wina wa ku Chidzolomondo, dzina lake Marcelino, anandifunsa ngati ndimachita mkonono. Nditati ayi, anati ndiye ndidzaphunzira. Ndaona kale mtengo wa mango kuseri kwa bafa umene munthu angakhalepo yekha. Sindifa.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Mvula yoyamba ikagwa, amayi adzatsitsa timaphukusi tija n'kupita nato kumunda. Mukudziwa zimene amachita ndi pepala akakhuthula mbewu: kaya amalisiya liuluke, kaya amabwera nalo kudzakolezera moto. Nilza angapange nawo tindege. Abambo angapichiremo fodya. Palibe wina koma inu. Atsala mapepala khumi ndi limodzi. Muzipita nawo kumunda, muzitola lililonse, muliwongole, mulisunge pansi pa mphasa yanu. Akafunsa, munene kuti Cosme amasunga zinthu zachabechabe, sadzadabwa. Ndipo musawatumize ndi a Zeca. Ndikufuna mudzandipatse ndi manja anu ndikabwera mu Dezembro.

Ndikudziwa kuti mwawuona kale msampha wanga, ndipo mwina mukuseka. Inde, amayi samaliza kubzala mwezi uno usanathe. Therere ndi chitowe amabzala mochedwa. Munthu amene akutola mapepala ku Tsangano sangakhalenso akuphika ku Tete. Ndilibe njira ina yokugwirani nayo, pakuti ndinu aakulu ndipo sindingakulamuleni.

Ndikabwera tidzakhale pansi pa pichesi tikambirane, ine maso ali pa inu. Ngati mukufuna Tete chifukwa cha inu nokha, kuti mukaone mzinda, kapena mukaphunzire kusoka kuja mumanena, ndidzakunyamulirani chikwama mpaka pokwerera chapa. Koma ngati ndi chifukwa cha chipinda chino, chipindacho ndachisiya kale. Dona Marlene ndawauza dzulo. Anati n'zachisoni, chifukwa mbuzi yawo inali itandizolowera.

Bukulo ndidzabwera nalo, a Pulofesola alola. Tidzasokere limodzi, pakuti singano imakumverani inu kuposa ine, ndipo ndidzakuwerengerani kuyambira pachiyambi, ndikumasulira pamene Chipwitikizi chake chalimba. Munasiya sukulu muli patsogolo pa ine m'kuwerenga. Mwina mudzakhala inu wondimasulira.

Apa mungayambenso kuwerenga mokweza.

Moni kwa abambo. Asanyamule matumba okha, adikire ndibwere. Moni kwa amayi. Mpiru ndafesa dzulo madzulo, ndipo ndatchinga ndi minga kuti mbuzi isafike. Muwauze kuti palibe amene amamanga mbewu bwino ngati iwo. Moni kwa Nilza, aleke kusamba madzi ozizira m'mawa. Moni kwa azakhali ndi ana awo onse, ndi kwa a kwaya ya kutchalitchi. Malume Evaristo ndinawaona pamsika sabata yatha atabwera kudzagula adubu. Ali bwino, ndipo akupereka moni kwa alongo awo.

Mulungu akusungeni nonse mpaka tidzaonane.

Ndine mlongo wanu,
Cosme

Mana, izinso ndi zanu nokha. Ndikudziwa kuti mufuna kudziwa zimene zili pa tsamba limene linakulunga mpiru. Zimene zinachitika pakati sindikuzidziwa, zili m'denga pamodzi ndi maungu. Kaya mtsikana uja anakwatiwa mumzinda, kaya chifuwa chija chinamutenga, tsambali silikunena. Likungonena za tsiku lobwerera.

Sitima inafika kumudzi masana, kukugwa mvula. Mayi anali atayima pamalo otsikira ndi ana aang'ono, amene tsopano anali atakula. Anatsika bambo, mutu wonse uli mbuu, osaudetsanso. Anatsika mwana wamkulu, dzanja lopanda zala lili m'thumba. Anatsika mnyamata wamng'ono uja, pepala lake la sukulu lili m'malaya, kabokosi ka mlongo wake kali paphewa. Mayiyo anayang'anabe pakhomo la sitima mpaka inanyamuka.

Anapita anayi. Anabwera atatu.